Makhoti 208 anasanduka limodzi, koma ngongole ya woweruza ikadalipo

Mpaka pa 31 December 1963, munthu wa ku Cook County, boma la m'chigawo cha Illinois ku America komwe kuli mzinda wa Chicago, akafuna kusumira mnzake ankayenera kuyamba wadziwa khomo loti agogode. Makomowo anali ambiri moti mpaka lero owawerenga sagwirizana. Akuluakulu a makhoti a Illinois amati analipo 208: makhoti akuluakulu 6, a m'mizinda ndi m'matauni 24, a oweruza ang'onoang'ono otchedwa justice of the peace 75, ndi a mamajisitireti a polisi 103. Khoti la Cook County lenilenilo limati analipo 161. Kutacha pa 1 January 1964, onsewo anali khoti limodzi, Circuit Court of Cook County.

Kusinthaku anthu amakutama kwambiri, ndipo nane ndimakutama. Koma ukatsatira malamulo amene aphungu a nyumba ya malamulo ya Illinois akhala akupangira makhoti a Cook County chikhazikitsire bomali mu 1831, pali khalidwe limodzi lomwe silisintha. Pomanga makhoti, powaphatikiza ndi powasintha mayina, aphunguwa ndi akatswiri. Akafika pa funso loti woweruza amamukhazika pampando ndani, ndipo akakhalapo ali ndi ngongole kwa yani, manja amawalemera. Malamulo amene anathandizadi munthu wosauka wa ku Chicago ndi aja anachotsa ndalama pakati pa woweruza ndi mlandu. Ndale zokha sanazichotsepo, ndipo zoipa zazikulu za makhotiwa zadzera pamenepo.

Malamulo aakulu oyamba a Illinois, a mu 1818, anapatsa nyumba ya malamulo mphamvu yosankha oweruza komanso yokhazikitsa ndi kuthetsa makhoti ang'onoang'ono mmene yafunira. Aphungu sanachite nayo manyazi mphamvuyo. Ankakhazikitsa maudindo a oweruza oyendayenda, pakapita zaka zochepa n'kuwathetsa, kenako n'kuwabwezeretsa. Chimake chinali mu 1841. Khoti lalikulu la Illinois linali ndi oweruza anayi, atatu mwa iwo a chipani cha Whig, ndipo a chipani cha Democrat ankalikayikira pa milandu ya ndale, makamaka woti kodi anthu obwera omwe sanakhale nzika angavote. Ambiri mwa obwerawo anali a ku Ireland, okumba ngalande yolumikiza Chicago ndi mtsinje wa Illinois, ndipo mavoti awo ankapita kwa a Democrat. Poti m'nyumba ya malamulo ndiwo anali ambiri, a Democrat anathetsa maudindo a oweruza oyendayenda n'kuwonjezera anthu awo asanu m'khoti lalikulu kuti oweruza akhale 9. Mmodzi wa asanuwo anali Stephen A. Douglas, mnyamata wa zaka 27, yemwe anakankha nawo biluyo. Abraham Lincoln, phungu wa Whig panthawiyo, anatsutsa koma anagonja.

Malamulo aakulu a mu 1848 analanda aphungu mphamvuyo n'kuipereka kwa ovota. Zinkamveka bwino ndithu: ngati aphungu akuseweretsa makhoti, anthu asankhe okha oweruza. Kungoti wovota amasankha pa mayina amene wawapeza papepala, ndipo olemba mayinawo ndi chipani.

Zaka zotsatira zinali zongowonjezera. Mu 1840 Chicago inali ndi anthu osakwana 5,000, mu 1870 anali pafupifupi 300,000, ndipo mu 1900 anafika 1.7 miliyoni. Milandu ikachuluka, aphungu sankakulitsa khoti lomwe lilipo koma ankamanga lina pambali pake. Mu 1845 kunabwera Cook County Court, yomwe mu 1849 inasanduka Court of Common Pleas, mu 1859 Superior Court of Chicago, ndipo mu 1870 Superior Court of Cook County. Khoti limeneli linkaweruza milandu yofanana ndi ya Circuit Court yakale ya panthawiyo, m'boma lomwelo, koma lililonse ndi oweruza ake, kalaliki wake ndi mabuku ake. Recorder's Court ya mu 1853 inasanduka Criminal Court mu 1870, ndipo mu 1877 kunabwera khoti la chuma cha masiye. Khoti latsopano linkatanthauza maudindo atsopano oti chipani chigawire anthu ake, n'chifukwa chake kukhazikitsa khoti kunali kosavuta koma kuthetsa ngakhale limodzi kunalibe woyerekeza. Loya wochenjera ankasankha khoti lomwe lili ndi woweruza womumvera. Wosadziwa ankatha miyezi, kenako n'kuuzidwa kuti wasumira kolakwika.

Komatu munthu wamba sankafika n'komwe ku makhoti akuluakuluwa. Wogwira ntchito kophera ng'ombe amene walephera kulipira lendi kapena ngongole ya pagolosale ankakumana ndi justice of the peace. Pa milandu yotere woweruzayu analibe malipiro a pamwezi. Ankadyera pa ndalama zolipiritsa: polemba samani, pomva mlandu, popereka chigamulo. Sipankafunika kuti akhale loya. Tsono amene amabweretsa milandu yambiri ya ngongole ndani? Eni nyumba za lendi, okongoza ndalama ndi makampani otolera ngongole. Amenewa ankasankha okha woweruza woti amve mlandu wawo, ndipo woweruza amene wakomera wangongole kawiri katatu makasitomala ankamuthawa. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo lamulo linamangirira oweruzawa pakhomo pa odandaula. Ena ankasumira munthu wa m'katikati mwa mzinda ku khoti la kumalire kwenikweni kwa boma, n'kuika mlandu pa ola loti sangafikeko. Akalephera kufika, chigamulo chinkagwa iye kulibe, kenako konsitebulo, nayenso wodyera pa zolipiritsa, n'kubwera kudzanyamula katundu.

Apa sipafunika kufufuza ngati oweruzawo anali anthu oipa mtima. Ena anali, ena ayi. Lamulo lenilenilo ndilo linkalipira kukondera. Khoti lalikulu la America linadzanena zomwezo mu 1927, pa mlandu wa Tumey wochokera ku Ohio, kuti munthu sanaweruzidwe mwachilungamo ngati womuweruzayo amapeza ndalama akamupeza wolakwa. Chicago inali itaziona kale zimenezi. Mu 1904 ovota a Illinois anasintha malamulo aakulu kuti mzindawu uloledwe kukonza makhoti ake. Mu 1905 aphungu anavomereza lamulo la Municipal Court, khoti la mzinda wa Chicago, ndipo khotilo linatsegulidwa mu December 1906. Ma justice of the peace anathetsedwa mumzinda monse, ngakhale kuti kunja kwa mzinda anatsalabe mpaka 1964. M'malo mwawo munalowa mkulu wa khoti ndi oweruza 27, onse maloya, onse a malipiro a pamwezi. Mkuluyo anapatsidwa mphamvu yogawa oweruza, yotsegula nthambi ndi yosunga kawerengedwe ka milandu. Kwa ine, pa malamulo onse a m'mbiriyi, limeneli ndi limodzi mwa awiri kapena atatu amene anasinthadi moyo wa munthu wa lendi.

Koma taonani chimene mphamvu ya mkulu wa khoti inabala. Harry Olson, yemwe anatsogolera khotilo kuyambira 1906 mpaka 1930, anatsegula nthambi ya milandu ya m'banja mu 1911, ya milandu ya chiwerewere mu 1913, ndi ya anyamata mu 1914. Mu 1914 momwemo anatsegulanso labotale yoyeza nzeru ndi maganizo a oimbidwa milandu, poti ankakhulupirira kuti umbanda ndi wa m'magazi. Mu 1922 labotale ya khoti imeneyi inasindikiza buku la Harry Laughlin lokhala ndi chitsanzo cha lamulo lotseka anthu kubereka mokakamiza, ndipo zigawo zina za America zinatengerako. Khoti lomwe linapulumutsa osauka kwa otolera ngongole ndi lomwenso linayamba kuwayeza ngati ali oyenera kubala ana. Dongosolo labwino limathamangitsa chilichonse chomwe wolitsogolera wasankha, chabwino ndi choipa chomwe.

Lamulo la khoti la ana la mu 1899 ndingolidutsa, ngakhale ndilo lotchuka padziko lonse. Amayi monga Lucy Flower ndi Julia Lathrop analimenyera nkhondo, ndipo pa 1 July chaka chimenecho Cook County inakhala ndi khoti la ana loyamba ku America. Aphungu anavomereza lamulolo koma sanaikepo ndalama zolipira oyang'anira ana omwe khoti lawabweza kwawo. Zaka zoyambirira malipiro amenewo ankasonkha ndi magulu a amayi. Kuvomereza bilu n'kotchipa.

Kuphatikiza makhoti onse kunatenga zaka zoposa 50. Mu 1906, katswiri wa malamulo Roscoe Pound anauza msonkhano wa maloya a ku America mumzinda wa St. Paul kuti kuchuluka kwa makhoti ndi kulimbirana kwawo milandu ndi zina mwa zomwe zimanyansitsa anthu ndi chilungamo cha m'makhoti. Ku Illinois kusintha malamulo aakulu kunali kovuta kwambiri mpaka 1950 pamene anafewetsako ndondomeko yake. Anayesa mu 1958, mavoti sanakwane. Mu November 1962 zinatheka. Makhoti onse oyambira mlandu analowa mu Circuit Court. Maudindo odyera pa zolipiritsa analetsedwa. Khoti la apilo linapatsidwa oweruza akeake, ndipo khoti lalikulu la Illinois linapatsidwa mphamvu yoyang'anira makhoti onse. Nthawi yomweyo lamulo lina latsopano linapha bizinesi ya anthu oimira belo, polola woimbidwa mlandu kupereka ku khoti 10 peresenti ya belo yake n'kudzabwezeredwa pafupifupi yonse mlandu ukatha.

Zonsezi n'zabwino, ndipo palibe wanzeru ku Chicago amene angafune kubwerera ku makomo 208 aja. Lero khoti limodzili lili ndi oweruza pafupifupi 400 otumikira anthu oposa 5 miliyoni, ku Daley Center ndi ku nyumba ya milandu ikuluikulu pa mphambano ya misewu ya 26th ndi California mumzinda, komanso m'matauni ozungulira mzindawu a Skokie, Rolling Meadows, Maywood, Bridgeview ndi Markham. Kulikonse kumene munthu wasumira, wasumira khoti lomwelo.

Koma kusinthaku kunali ndi mtengo wake. Mabungwe a maloya ankafuna kuti oweruza azisankhidwa ndi komiti yoyang'ana luso ndi khalidwe. Andale anakana, ndipo zomwe anagwirizana n'zakuti woweruza alowe koyamba kudzera pa chisankho cha zipani, kenako nthawi yake ikatha aziima yekha popanda wopikisana naye, ovota n'kungoti inde kapena ayi. Ku Cook County ya nthawi imeneyo chisankho cha zipani chinkatanthauza munthu mmodzi: Richard J. Daley, meya wa Chicago kuyambira 1955 mpaka 1976, yemwenso anali wapampando wa chipani cha Democrat m'bomalo. Wofuna uweruzi ankayamba wagwirira ntchito mkulu wa chipani wa m'wodi mwake. Lamulo la 1964 silinakhudze khomo lolowera limeneli. Linangotseka khomo lotulukira, moti wolowa chifukwa cha chipani tsopano ankakhala pampando pafupifupi moyo wake wonse.

Ndipo pali chinthu china chomwe otamanda 1964 sakonda kuchitchula. Makhoti ali omwazikana, aliyense ankaba pang'ono pakona pake. Atakhala limodzi, mphamvu yonena kuti woweruza uyu apite ku milandu ya pamsewu, uyu ku ya mankhwala osokoneza bongo, uyu ku ya chuma, inasonkhana m'manja mwa anthu ochepa. Mphamvu imeneyo ikakhala mwa munthu woongoka ndi dalitso. Ikakhala mwa wakuba, kuba kumakhala kwa dongosolo.

Chenjezo linabwera msanga, ndipo linachokera pamwamba penipeni. Mu 1969 oweruza awiri a khoti lalikulu la Illinois, Roy Solfisburg ndi Ray Klingbiel, anatula pansi udindo zitadziwika kuti anapeza masheya a banki ina ya ku Chicago yogwirizana ndi munthu yemwe mlandu wake unali pamaso pawo. Anayambitsa nkhaniyi si loya kapena jaji koma Sherman Skolnick, munthu wamba wovutitsa makhoti ndi madandaulo. Loya amene anatsogolera kafukufuku, John Paul Stevens, anadzakhala woweruza wa khoti lalikulu la America. Chaka chotsatira Illinois inalemba malamulo aakulu atsopano. Anakhazikitsa bungwe lofufuza oweruza, Judicial Inquiry Board, n'kukwezanso mavoti ofunika kuti woweruza apitirize kufika pa 60 peresenti. Koma funso la kasankhidwe ka oweruza, nthumwi zinalephera kumvana, n'kuliponyera kwa ovota palokha. Pa 15 December 1970 anthu anavomereza malamulo atsopanowo, ndipo pa funso la oweruza anasankha kupitiriza ndi zisankho, monga Daley ankafunira.

Zaka 10 zitadutsa, FBI, nthambi yofufuza milandu ya boma la America, inalowa mwakachetechete m'makhoti a Cook County. Ntchitoyo, yotchedwa Operation Greylord, inayamba mu 1980 n'kuululika mu 1983. Apolisi achinsinsi ankapeka milandu yabodza, wina kukhala wakuba, wina woberedwa, kuti aone amene alandire ndalama. Loya wachinyamata woimira boma pa milandu, Terrence Hake, anadzisandutsa wachinyengo n'kumajambula mawu. Anaika chomvetsera m'chipinda cha woweruza Wayne Olson wa milandu ya mankhwala osokoneza bongo. Pomaliza anthu 92 anaimbidwa milandu: oweruza 17, maloya 48, apolisi 8, othandizira sherifu 10, ogwira ntchito m'khoti 8 ndi phungu mmodzi. Oweruza 15 anapezeka olakwa. Mmodzi wa iwo, Richard LeFevour, anali mkulu wa makhoti onse a milandu ing'onoing'ono mumzinda, ndipo anagamulidwa zaka 12.

Mmene katangaleyu ankayendera ndi pamene pali phunziro la olemba malamulo. Panali maloya ongoima m'makonde a khoti kudikira oimbidwa milandu opanda loya. Kuti aloledwe kuima pamenepo, komanso kuti woweruza aziwatumizira anthu, ankalipira. Nanga iwo ankapeza bwanji? Pa 10 peresenti ya belo ija. Woimbidwa mlandu ankasaina kuti ndalama yake ikamabwezedwa ipite kwa loya, woweruza n'kuvomereza, gawo lina n'kubwerera kwa woweruzayo kudzera mwa wapolisi kapena kalaliki wonyamula envelopu. Lamulo lomwe linathamangitsa oimira belo linasiya ndalama patebulo la khoti, ndipo ena anazitola.

Chondikhudza kwambiri pa Greylord ndi woweruza amene anavomera kuvala chojambulira mawu, n'kuchibisa m'jombo. Brocton Lockwood sanali wa Cook County. Anali mlendo wochokera kummwera kwa Illinois, wotumizidwa kudzathandiza ku khoti la milandu ya pamsewu. Zimene anaziona m'kanthawi kochepa, anzake a ku Chicago ankaziona tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwake n'kwakuti iye analibe mkulu wa chipani ku Chicago amene anamuika pampando, analibe woti amuthokoze, ndiponso analibe mpando woti aziudikira kwa aliyense kumeneko.

Kafukufuku wotsatira, Operation Gambat, anafika pa milandu ya kupha. Woweruza Thomas Maloney anapezeka wolakwa mu 1993 polandira ndalama kuti amasule akupha. Mu 1997 khoti lalikulu la America linalola mkaidi wina yemwe Maloney anamuweruza, amene sanapereke kanthu, kuti afufuze ngati woweruzayo ankakhwimitsa dala milandu ya osalipira pofuna kubisa za olipira. Ganizo limenelo ndi loopsa: chiphuphu cha mnzako ukhoza kuchilipira ndiwe amene sunapereke. Panalinso Harry Aleman, chigawenga chomwe woweruza Frank Wilson anachimasula mu 1977 pa mlandu wa kupha atalandira madola 10,000. Ku America munthu womasulidwa sazengedwanso mlandu womwewo, koma makhoti anati poti woweruza anali wogulidwa, Aleman sanali pangozi yomangidwa ulendo woyamba uja. Anamuzenganso mu 1997, n'kukafera kundende mu 2010. Mlandu suola.

Komiti yomwe inakhazikitsidwa mu 1984 kuti ione chomwe chinalakwika, yotsogozedwa ndi loya Jerold Solovy, inalimbikitsa kuti oweruza asamasankhidwenso kudzera m'zipani. Aphungu anachita zosiyana. Mu 1990 anagawa Cook County m'zigawo zing'onozing'ono 15 zosankhira oweruza, ndipo chisankho choyamba chotere chinachitika mu 1992. Apa ndiyenera kuchita chilungamo, chifukwa anthu a maganizo ngati anga amakonda kuderera lamuloli. Aphungu akuda ndi ochokera ku Latin America, omwe anagwirizana ndi a chipani cha Republican polikankha, anali ndi dandaulo lenileni. Oimbidwa milandu ambiri pa 26th ndi California anali akuda, oweruza ambiri anali azungu, ndipo pa chisankho cha boma lonse mtundu wochepa unkamira. Ankafunsanso kuti komiti ya akatswiri imene mukuinenayo mudzakhala ndani, si maloya a makampani akuluakulu omwewo, amene sanatilembepo ntchito? Funsolo n'lomveka, ndipo lamulolo linawonjezeradi oweruza akuda ndi a mitundu ina.

Palinso umboni wina wotsutsa maganizo anga. Zija za 1841 zinachitika pamene oweruza sankavoteredwa. Lero gulu lalikulu la oweruza a Cook County, otchedwa associate, amasankhidwa kwa zaka zinayi ndi oweruza anzawo, osati ndi ovota, ndipo m'gulu la omangidwa pa Greylord iwonso analimo. Mpando ukatsala wopanda munthu pakati pa zisankho, amaikapo munthu ndi oweruza a khoti lalikulu la Illinois, omwe atatu mwa 7 amachokera ku Cook County kudzera pa mavoti a chipani. Ndiye kungochotsa chisankho n'kuikapo kusankhana sikuchotsa ngongole. Kumangosintha mwini ngongoleyo.

Komabe sindivomera kuti zonse n'chimodzimodzi. Chigawo chaching'ono chimachepetsa mavoti ofunika kuti munthu apambane, ndipo mavoti akachepa mawu a mkulu wa chipani wa m'wodi amalemera. Woweruza wosankhidwa ndi kachigawo kamodzi amakaweruza anthu a boma lonse. Wofuna kuti chipani chimuike pamndandanda wa boma lonse amasonkha madola masauzande makumi angapo a kampeni, ndipo ndalama zambiri za makampeni a oweruza zimachokera kwa maloya omwe adzaime pamaso pawo. Nanga wovota? Amapeza mayina a anthu omwe sanawamvepo, moti n'zodziwika ku Chicago kuti dzina lomveka la ku Ireland kapena lachikazi limakoka mavoti. Zinafika poti maloya ena anasintha mayina, ndipo mu 2007 aphungu anachita kupanga lamulo loti wosintha dzina m'zaka zitatu zapitazo alembedwe ndi dzina lake lakale lomwe papepala la voti. Nyumba ya malamulo imene ikufika poteteza ovota ku mayina obwereka yavomereza yokha kuti ovotawo sadziwa amene akumusankha.

Voti ya inde kapena ayi ndiye ili ndi mbiri yomvetsa chisoni. Kumapeto kwa pepala lalitali kumakhala mayina a oweruza 60 kapena 70. Ambiri amangowadumpha, ena amangoti inde kwa onse. Kuchokera mu 1990 panadutsa zaka 28 popanda woweruza wa Cook County wochotsedwa ndi ovota, mpaka Matthew Coghlan mu 2018, ndipo apanso zinatheka chipani chitasiya kumuikira kumbuyo. Mabungwe a maloya amaunika oweruza, atolankhani a Injustice Watch amafalitsa mbiri ya aliyense chisankho chikayandikira, ndipo ntchito yawo yayamba kuluma. Koma imeneyo ndi ntchito ya anthu odzipereka, yofanana ndi ya amayi aja ankasonkha malipiro a khoti la ana. Lamulo silinaiikemo.

Umboni woti aphungu a Illinois angathe kulimba mtima akafuna ulipo, ndipo ndi waposachedwa. Mu 2017 mkulu wa khoti Timothy Evans analamula kuti oweruza a Cook County asamaike belo yoti munthu sangaikwanitse. Mu 2021 nyumba ya malamulo inathetseratu belo ya ndalama m'chigawo chonse. Otsutsa anapita kukhoti, khoti lalikulu la Illinois linavomereza lamulolo pa 18 July 2023, ndipo kuyambira pa 18 September chaka chomwecho Illinois inakhala chigawo choyamba ku America kopanda belo ya ndalama. Woimbidwa mlandu amasungidwa ngati boma lasonyeza kuti ndi woopsa kapena angathawe, osati chifukwa thumba lake n'lopyapyala. Lamuloli n'la mtundu umodzi ndi la 1905, ndipo ndikuligwirizana nalo. Koma likukulitsa funso langa m'malo molichepetsa. Kale woweruza ankatha kubisala kuseri kwa chiwerengero cha madola. Tsopano ayenera kunena yekha kuti uyu atuluke, uyu akhale, akudziwa kuti womasulidwayo akakapalamula, dzina lake lidzakhala m'nyuzi chisankho chisanafike. Mphamvu yotere ikufuna munthu amene sakuyang'ana kumbuyo kuti chipani chikuti bwanji.

Chomwe ndingakonde kuona si chachilendo. Komiti yosankha oweruza imene mamembala ake amachokera m'zigawo zing'onozing'ono zija, kuti phindu la 1990 lisatayike. Anthu wamba akhalemo, osati maloya okhaokha. Mayina a ofunsira ndi mafunso omwe afunsidwa zikhale poyera. Woweruza akamapempha kupitiriza, khoti lenilenilo lifalitse mbiri ya ntchito yake, kuphatikizapo zigamulo zomwe khoti la apilo linazibweza. Ndale sizingatheretu m'komiti yotere, koma zingachitikire pamalo poti munthu akhoza kuloza amene wasankha molakwika. Pa dongosolo la lero woweruza woipa akapezeka, chipani chimati anasankha ndi ovota, ovota n'kumati sitinkamudziwa.

M'malo mwake, mu January 2022 aphungu anajambulanso mapu, zigawo zosankhira oweruza ku Cook County n'kuchoka pa 15 kufika pa 20, ndipo ojambula anali a chipani cholamula. Kusintha kasankhidwe kenikeniko kumafuna kusintha malamulo aakulu, zomwe zimayamba ndi mavoti a magawo atatu mwa asanu m'zipinda zonse ziwiri za nyumba ya malamulo, kutanthauza kuti andale omwe amagawa mipandoyo avomere kuitaya. Anthu wamba sangasonkhanitse masiginecha pa nkhaniyi, chifukwa ku Illinois njira imeneyo imaloledwa pa zokhudza nyumba ya malamulo yokha. Khomo lina lomwe latsala ndi funso limene malamulo a 1970 amalamula kuti liziikidwa pa voti zaka 20 zilizonse, loti kodi kuitanidwe msonkhano wolembanso malamulo aakulu. Ovota anakana mu 1988, milandu ya Greylord ikadali m'makhoti, anakananso mu 2008, ndipo adzafunsidwanso mu 2028.